Msika wa Nyowani Ulibe Denga

Ku ufumu wa Zengereza, munthu wofuna kontirakiti ya boma safunsidwa ngati ntchitoyo amaidziwa. Funso lotere kumeneko amaliona ngati lachipongwe. Chimene amafunsidwa n'chakuti chikalata chake chopemphera ntchito chikulemera makilogalamu angati.

Sizinayambe choncho ayi. Kale komiti younika zikalata inkawerenga ndithu, ndipo mavuto onse ankachokera pomwepo. Membala akangotsegula chikalata ankazindikira kalembedwe ka mlamu wake, mtima n'kufewa. Chikakhala cha munthu wosamudziwa, ankafika tsamba lachiwiri akuliza mkonono. Madandaulo anachuluka mpaka Amfumu Tionemawa Wachitatu anatopa nawo. Tsiku lina anaitanitsa nduna zonse ku likulu la Dikirani, n'kukwera pa benchi kuti aoneke bwino popeza anali aafupi.

"Ndalipeza vuto," anatero Amfumu. "Vuto ndi maso. Maso ali ndi abale. Koma pakati panu alipo amene anamvapo kuti sikelo ili ndi mlamu?"

Nduna zinayang'anana. Panalibe amene anamvapo.

"Basi. Kuyambira lero, membala wa komiti wopezeka akuwerenga chikalata achotsedwe ntchito. Zikalata ziziyezedwa pa sikelo ya fodya, ndipo cholemera kuposa zonse chizipambana."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, ndipo Lamulo la Sikelo linayamba kugwira ntchito. Amene anapambana kontirakiti yomanga mlatho pa mtsinje wa Kokolola anali munthu woopa madzi, koma m'chikalata chake anaikamo mbiri ya agogo ake onse, nyimbo za kwaya ya kwawo, ndi maina a mbuzi zake. Mpaka lero anthu amawoloka mtsinjewo atapinda mathalauza. Amene ananenepa m'dziko lonselo ndi ogulitsa mapepala okha.

Pa msika wa Nyowani panali nsanamira za simenti makumi awiri ndi zinayi, zoima bwinobwino m'mizere iwiri, koma ukayang'ana kumwamba unkaona mitambo. Nsanamirazo zinamangidwa lamuloli lisanabwere, denga ndiye linakumana nalo. Ndipo ochita malonda sakanatha kudzifolerera okha, chifukwa kukhoma denga pa nsanamira za boma popanda kontirakiti unali mlandu wa miyezi isanu ndi umodzi m'ndende. Mvula ikagwa, wa tomato ankangoti tomato wake watsukidwa ulere. Amene ankalira zenizeni ndi a Nankhoma, mayi ogulitsa mchere.

Dzinja lapitalo mvula ya tsiku limodzi inawasungunulira matumba asanu ndi anayi, iwo ali chiimire kuonerera mpamba wawo ukuyenda m'ngalande. Anali atawafunditsa pepala la pulasitiki, koma mphepo ya pa Nyowani inalitenga n'kukalipachika pa mtengo wa bulugama. Chaka chimenechi anagulitsa njinga ya malemu amuna awo n'kupikula matumba khumi ndi awiri. Amenewa akanapitanso ndi madzi, pakhomo panalibe china chogulitsa, ndipo panali ana atatu odya.

Choncho boma litalengeza m'mwezi wa Ogasiti kuti likufuna munthu wofolera msikawo, a Nankhoma anatseka malonda tsiku loyeza zikalata n'kupita ku bwalo la Dikirani kuti akaone okha.

Wapampando wa komiti anali Bwana Mlongoti, munthu wosamala malamulo kwambiri moti ankavala magalasi akuda poopa kuwerenga mwangozi. Mamembala anzake asanu ndi atatu anakhala chofulatira. Woyamba kuitanidwa anali a Yotamu, kalipentala wa pamsika pomwepo, amene anakhoma mabenchi onse a ochita malonda. Chikalata chawo chinali cha masamba atatu: malata angati, misomali ingati, masiku angati. Anachiika pa sikelo mwaulemu, ndi manja awiri. Muvi wa sikelo sunagwedezeke n'komwe.

Bwana Mlongoti anagogoda galasi la sikeloyo ndi chala. "Lembani kuti bambowa sanabweretse kanthu."

"Koma bwana, chikalata si ichi chili apachi?" anatero a Yotamu.

"Inenso ndikuchiona, achimwene. Koma maso anga saloledwa kuchitira umboni."

Kenako anabwera a Gwedeza, a Kampani ya Achimwene ndi Alamu, chikalata chawo chili pa ngolo. Muvi unaima pa makilogalamu 212. Pambuyo pawo panabwera a Phwetekere, a Kampani ya Tidyeretu, ndi mawilibala asanu. Muvi unaima pa 215. A Phwetekere anayamba kale kugwirana chanza ndi anthu pamene a Gwedeza anakweza dzanja.

"Bwana wapampando, chikalata cha mnzangayu chikudontha."

Chinkadonthadi. Pansi pa sikelo panali kachithaphwi, ndipo bakha wina anali atayamba kale kuzungulira malowo.

"Ndi thukuta la alembi anga," anayankha a Phwetekere. "Anawo agwira ntchito. Koma poti mwayamba ndinu, tatiuzeni chifukwa chake chanucho chinalira kuti gu pochitsitsa pa ngolo."

Lamulo linkaletsa kuwerenga koma silinkaletsa kugwedeza. Atagwedeza chikalata cha a Gwedeza, munagwa njerwa makumi atatu, ndipo imodzi inafinya chala cha mlembi wa komiti. A Gwedeza sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anatola njerwa imodzi n'kuionetsa kwa anthu.

"Njerwa iliyonse ili ndi dzina la kampani yathu, lodinda ndi chikombole. Chinthu cholembedwapo mawu ndi tsamba, abale anga."

Komiti inanyamuka tsiku lomwelo kupita ku hotela ya pa phiri la Pumulani, kumene makomiti a ku Zengereza amakaganizirako zinthu zovuta akudya nkhuku. Inakhalako milungu itatu. Anayi anati madzi awerengedwe, anayi anati njerwa ziwerengedwe, wachisanu ndi chinayi anali kuchimbudzi nthawi yoponya voti. Nkhani inapita kwa Amfumu, ndipo Amfumu anakweranso pa benchi.

"Pa madzi palibe amene angalembepo, choncho madzi si tsamba," anagamula motero. "Koma chilichonse cholembedwapo mawu chiyezedwe, kaya ndi njerwa, kaya ndi mphika, kaya ndi mwala. Zikalata zonse zibwerenso kumapeto kwa Okutobala."

Kumsika anthu anailandira nkhaniyi mosatekeseka.

"Ndiye kuti ine ndikalemba dzina pamsana pa amuna anga ndingakawayezetse?" anafunsa mayi wina wogulitsa usipa.

"Amenewo ndi opepuka, asisi," anayankha mnzake wa makala. "Simungapate nawo ngakhale kontirakiti ya chimbudzi."

A Nankhoma sanaseke nawo. Kumapeto kwa Okutobala ndi pakhomo penipeni pa mvula, ndipo iwo ankadziwa kuti a Gwedeza kapena a Phwetekere akapambana, denga lidzabwera adzukulu awo atamera imvi. Anayang'ana matumba awo, anayang'ana kumwamba, kenako anapita kumene a Yotamu ankapala thabwa.

"A Yotamu, denga la msika uno lingalemere bwanji?"

"Malata makumi asanu ndi atatu kudza asanu ndi limodzi, kuphatikiza mitanda ndi mapaso. Lingapitirire tani imodzi, mayi."

"Nanga pa lata munthu angalembepo mawu?"

A Yotamu anasiya kupala. "Kulemba angalembepo. Koma malata onsewo ndiwatenga kuti ine?"

"Inu pezani penti. Zinazo mundisiyire."

Kwa milungu isanu a Nankhoma anayenda benchi ndi benchi, ndipo pakamwa pawo sipanapume. Aliyense wochita malonda anabweretsa lata limodzi. Ena anachotsa pa khola la nkhuku, ena pa bafa, ndipo bambo wina wogulitsa nsapato zakale anakasasula pa khitchini ya apongozi ake iwo ali kudimba. Ogulitsa matabwa anapereka mitanda. A Yotamu anatenga masamba awo atatu aja n'kuwamwaza pa malatawo ndi penti yofiira, mawu anayi kapena asanu pa lata lililonse. Mawu anawathera pa lata la makumi asanu ndi limodzi, choncho pa otsalawo anangolemba kuti "onani tsamba lapitalo". Pa mtanda uliwonse analembapo dzina lawo.

Tsiku loyeza litafika, a Gwedeza anabwera ndi njerwa mazana anayi. A Phwetekere anabwera ndi mphero zisanu ndi ziwiri zolembedwa kuti "Kwa Bwana Wapampando, moni". Onse awiri ankamwetulira mpaka pamene anamva nyimbo kumsewu. Unali msika wonse wa Nyowani ukubwera pamzere, malata ali pamitu, mitanda ili pa mapewa, a Yotamu ali patsogolo ndi chidebe cha misomali.

"Misomaliyi ndi ya chiyani?" anafunsa Bwana Mlongoti.

"Yolumikizira masamba, bwana, kuti asasokonekere."

Bwana Mlongoti anayamikira ukhondo umenewo. Kuyeza kunatenga tsiku lonse chifukwa sikelo inkalandira masamba khumi okha nthawi imodzi, ndipo pomaliza panalibe chokambirana. Chikalata cha a Yotamu chinaposa cha a Gwedeza ndi njerwa zake zonse. A Gwedeza ndi a Phwetekere, amene kwa miyezi iwiri sankapatsana moni, anagwirana manja n'kupereka dandaulo limodzi. Anati masamba a chikalatacho ndi okwinyika kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo chikalata chokwinyika ndi chipongwe kwa Amfumu.

A Nankhoma anawerenga miyezi ndi zala. Dandaulo ku Zengereza limatenga miyezi itatu likafulumira.

"Dandaulo lalandiridwa," anatero Bwana Mlongoti, nkhope ikuwala poganizira nkhuku za ku Pumulani. "Ndipo motsatira ndime 14 ya Lamulo la Sikelo, chikalata chopambana chimene chikutsutsidwa chikakhomedwe pamalo pomwe ntchitoyo ikachitikire, poonekera, kuti anthu wamba amene maso awo alibe ntchito m'boma achiwerenge. Chisachotsedwe mpaka dandaulo litatha."

A Nankhoma anamanga bwino chitenje chawo n'kusendera kutsogolo.

"Pepani bwana, ine ndine wosaphunzira. Bolodi la pamsika paja ndi laling'ono ngati chitseko cha khola. Chikalata chachikulu chonchi tikachikhome pati?"

"Zimenezo musandifunse ine. Pezani pokhoma."

"Nanga pa nsanamira paja?"

"Mayi, mvetsani bwino," anatero Bwana Mlongoti moleza mtima. "Kukhoma denga pa nsanamira za boma ndi mlandu. Kukhoma chikalata ndi lamulo. Zinthu ziwirizi musamazisokoneze."

A Nankhoma analonjeza kuti sadzazisokoneza.

A Yotamu anakhoma chikalata chawo masiku asanu ndi limodzi. Mawu anawalozetsa pansi kuti anthu aziwerenga ali pamthunzi. Masamba anawasanjikiza m'mphepete kuti azitsatana bwino, ndipo anawapendeketsa kuti madzi asamaime n'kuwononga chikalata cha boma. Mlungu wachiwiri wa Novembala mvula inagwa, yamphamvu, yoyamba m'mawa mpaka masana. A Nankhoma anakhala pansi pa tsamba loyamba, dzanja ali nalo m'thumba la mchere. Unali wouma. Analira mayi aja, misozi yeniyeni yachimwemwe, ndipo wa usipa anawauza kuti alirire kumbali asanyowetse katundu.

Komiti inabwera kudzaona ngati lamulo latsatidwa. Mamembala onse anayenda chowerama poopa kuwerenga zimene zinali pamwamba pawo, ndipo Bwana Mlongoti anagunda mutu pa nsanamira kawiri. Lipoti lawo linati chikalata chakhomedwa bwino, koma n'zomvetsa chisoni kuti msika wa Nyowani ulibebe denga.

Zinthu zinayenda bwino mpaka Januwale, pamene boma linachita chinthu chimene palibe ankachiyembekezera: linamaliza nkhani. A Gwedeza ndi a Phwetekere anali atapatsidwa limodzi kontirakiti yopaka penti mlatho wa Kokolola, ntchito yopepuka poti mlathowo kulibe, choncho anabweza dandaulo lawo. M'mawa wina, mitambo itada bii chakum'mawa, Bwana Mlongoti anafika pamsika ndi amuna asanu ndi mmodzi onyamula makwerero.

"Ndabwera ndi uthenga wabwino," analengeza. "Dandaulo latha. A Yotamu apambana kontirakiti."

A Yotamu anavula chipewa. Zaka makumi atatu akukhoma mabenchi, boma linali lisanawapatsepo ngakhale ntchito yokonza mpando. Anthu anayamba kuwaombera m'manja.

"Choncho," anapitiriza Bwana Mlongoti, "chikalatachi chitsitsidwe, chipite ku nyumba yosungira zikalata kumene chikakhale zaka zisanu ndi ziwiri. Ntchito yofolera iyamba komiti yosankha tsiku loyambira ntchito ikasankha tsiku."

Kuomba m'manja kuja kunazilala.

"Komiti imeneyo ikumana liti, bwana?" anafunsa wa makala.

"Ikasankhidwa."

Amuna aja anaimika makwerero. Poti ndi anthu a dongosolo, anayambira tsamba loyamba. Misomali inalira, lata linatsika, ndipo pamwamba pa matumba a a Nankhoma panaoneka mtambo wakuda. Dontho loyamba linagwera pa thumba lotsegula n'kusiya kadzenje mu mcherewo. Lachiwiri linagwera pambali pake.

A Nankhoma anayang'ana a Yotamu, amene anali chigwirire chipewa pachifuwa. Ankadziwa chimene ankafuna kuchita, ndipo chinkawawawa, chifukwa bamboyo sanawalakwirepo kanthu chiyambire.

"A Yotamu, mundikhululukire," anatero motsitsa mawu. Kenako anakweza dzanja. "Bwana, ine ndili ndi dandaulo. Kaya wogulitsa mchere amaloledwa?"

"Lamulo limalola aliyense wokhala ndi pakamwa. Mukudandaula ndani?"

"Bambo awa. Anachita chinyengo pa sikelo. Tsamba 41 linachokera pa khola la nkhuku, ndipo linayezedwa ndi zitosi zomwe. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma zitosi si mawu."

Bwana Mlongoti anavula magalasi akuda, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Mlandu waukulu umenewu. Ungafune miyezi itatu, mwina inayi." Anatembenukira kwa a Yotamu. "Achimwene, mukuvomera kapena mukukana? Mukakana ndipo mayiwa alibe mboni, dandaulo ligwa pompano, kontirakiti ndi yanu."

A Yotamu anayang'ana chipewa chawo. Anayang'ana bowo lija kumwamba, ndi madontho amene tsopano ankagwa motsatizana pa thumba.

"Zitosizo zinalipodi, bwana," anatero. "Ndipo mukadzathana nazo zimenezo, mudzaonenso tsamba 52. Linali ndi chisa cha mavu."

"Bwezerani tsambalo msanga," Bwana Mlongoti analamula amuna aja. "Chikalatachi chikutsutsidwa."

Analibwezera mokhotakhota, moti a Yotamu anakwera okha kukaliwongola mvula ikuwamenya kumsana.

Papita zaka zinayi tsopano. Pamsika pali kope limene a Nankhoma amasunga pansi pa benchi, lolembedwa maina a anthu ndi mwezi umene aliyense akuyenera kukadandaula. Wa usipa anadandaula za dzimbiri. Wa makala anadandaula kuti penti yofiira imalemera kuposa yakuda, ndipo komiti inakhala ku Pumulani miyezi isanu n'kugawanika pakati. Apongozi aja a khitchini anabwera okha osaitanidwa, ndipo dandaulo lawo linali lochokera pansi pa mtima. A Yotamu ndi munthu wonenezedwa kwambiri m'mbiri ya Zengereza. Kontirakiti sanaione, ndipo sadzaiona. Akamadutsa pamsika amayi amawaponyera tomato ndi anyezi m'thumba, iwo n'kumafunsa kuti mwezi uno alakwa chiyani.

Mwezi wathawu Amfumu Tionemawa anayendera msikawo. Mvula inawapeza ali pomwepo, ndipo anathawira pansi pa tsamba 30 pamodzi ndi nduna zawo. Atapukuta kumaso anaitanitsa benchi, anakwerapo, n'kuyamba kulankhula manja akuponya uku ndi uku. Koma mvula inkasokosera kwambiri pa malata moti akumbuyo sankamva kanthu.

"Akuti chiyani?" wa usipa anafunsa a Nankhoma, amene anali pafupi.

"Akuti mtima ukuwapweteka kutiona tikugulitsa pamtetete. Alamula komiti kuti ithetse madandaulo onse mwezi uno, atsitse chikalatachi, atimangire denga."

Wa usipa anagwira pakamwa. "Mayo ine. Tawalakwira chiyani Amfumu?"

A Nankhoma anamanga kukamwa kwa thumba la mchere, anatulutsa kope lija, n'kunyowetsa chala ndi malovu.

"Mmodzi pamwezi sakwananso," anatero. "Itanani msika wonse. Mawa tonse tili ndi dandaulo."